Mlembi Wosatopa ndi Umboni wa Dokotala

M'chaka cha 2013 magazini ya American Journal of Emergency Medicine inafalitsa kafukufuku wochitika pa chipatala china ku America. Anapeza kuti madokotala a m'chipinda cha ngozi ankathera magawo oposa 40 pa 100 a nthawi yawo akulemba pa kompyuta, pamene magawo 28 okha ndiwo ankakhala ndi wodwala. Motero sitidabwa kuti zipatala zalandira ndi manja awiri makina a AI amene amamvetsera zimene dokotala ndi wodwala akukambirana, nalemba okha lipoti loti dokotala angosaina. Madokotala a Kaiser Permanente ku California anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2023, ndipo kampani ya Microsoft, imene inagula Nuance mu 2022, imagulitsa mlembi wotereyu.

Phindu lake sitingalikane. Dokotala akachotsa maso pa kompyuta nayang'ana nkhope ya munthu amene akuvutika, ntchito ya chifundo yabwerera m'malo mwake.

Komabe oyamikira makinawa amaiwala chimene lipoti la kuchipatala lili. Lipotilo ndi umboni. Namwino wa usiku amapereka mankhwala podalira mawu ake, ndipo khoti lidzawerenga mawu omwewo. Tsono mu 2024 Allison Koenecke ndi anzake, atayesa makina olemba zolankhulidwa a Whisper a kampani ya OpenAI, anapeza kuti pafupifupi cholembedwa chimodzi pa 100 chinali ndi mawu amene palibe anawanena. Chodetsa nkhawa n'chakuti kupeka kumeneku kunkachuluka kwa anthu ovutika kulankhula, amene amayamba aima nthawi yaitali asanapitirize. Nanga m'chipinda cha ngozi amabweramo ndani? Wogwidwa sitiroko, wobanika, wosokonezeka ndi ululu. Munthu amene mawu ake ndi ochepa ndiye ali pangozi yoikidwa mawu m'kamwa. Ndipo wokomoka sangavomere kapena kukana kuti ajambulidwe mawu.

Amati dokotala amawerenga asanasaine. Koma lipoti losalala limagonetsa tulo, makamaka panja pakakhala mzere wa odwala. Bodza la makina silichita chibwibwi. Limabwera litavala bwino ngati zoona.

Chikalata cha Antiqua et Nova, chimene Vatican inatulutsa mu Januwale 2025, chimaphunzitsa kuti udindo wa chigamulo chokhudza wodwala uyenera kukhalabe m'manja mwa munthu. Phunziroli likhala la pakamwa chabe ngati nthawi yopulumutsidwa ndi makina isandutsidwa mpata woonera odwala ochuluka, kuwerenga n'kusanduka mwambo.

Muyeso wa mlembi ameneyu usakhale mphindi zimene wapulumutsa, koma ngati dokotala angathe kuima pa chiganizo chilichonse chimene wasainira n'kunena kuti anachimva ndi makutu ake. Ansembe amene adzatumikira m'zipatala za Mpingo ndi m'makomiti ake ayenera kufunsa funso limeneli makinawo asanagulidwe.