Za Nyumba za Tiyi m'Cigwa ca Shire

Munthu wotsika phiri kucokera ku Blantyre, akapitirira pa Thabwa ndi kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, ayamba kuona cinthu cimene ife a m'cigwa tacizolowera kotero kuti sitimaciyang'ananso. Pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula, kufikira ku Nsanje ndi ku malire a Marka, kulibe msika wopanda kanyumba ka tiyi, kamene ambiri akacha tiyirumu. Kanyumbako nkosabvuta kukazindikira: pakhomo pace pali nsaru yocinga nchenche, m'katimo muli gome lalitali ndi mabenci awiri kapena atatu, ndipo kuseri kuli ketulo yakuda yosacoka pamoto kuyambira tambala woyamba. Tifuna kuziyesa pa muyeso nyumba zimenezi, pakuti amuna ambiri a m'midzi yathu akhalamo nthawi yoposa imene akhala pa bwalo la mfumu; ndipo malo osonkhana anthu tsiku ndi tsiku sakhala opanda ciphunzitso, kaya cabwino kaya coipa.

Ku maiko ena nyumba zotere zichedwa ndi dzina la khofi. Kwathu kuno khofi anangopita pakhomo, osalowa m'nyumba. Mbande zace zoyamba zinacokera ku Edinburgh m'caka ca 1878, m'manja mwa Jonathan Duncan, wosamala munda wa misyoni ya Blantyre, ndipo zinakwera Shire wathu yemweyu. Pasanapite zaka zambiri azungu a kumapiri anamkhulupirira kotero kuti mtengo wace unajambulidwa pa cizindikiro ca boma la British Central Africa. Makolo athu anasenza matumba ace, natema nkhuni za masitima a m'madzi amene anamtsitsa pa Chiromo kunka ku Chinde. Koma sitinamve kuti wina anawatsanulira m'cikho kuti alaweko. Citapita caka ca 1900 khofi anagwa, cifukwa ca cirala, tizirombo, ndi kucuruka kwa khofi wa ku Brazil amene anatsitsa mtengo. Pamalo pace panalowa tiyi, amene Henry Brown anayamba kubzala ku Mulanje mu 1891, nafalikira ku Thyolo pambuyo pace. Khofi alimidwabe ku Misuku ndi m'minda yina ya ku Thyolo, koma munthu akamfunsa m'kanyumba ka pa Ngabu, anzace adzamyesa wonyada.

Shuga ndiye wathu. Kuyambira 1966 nzimbe za pa Nchalo zapsinyidwa m'makina, poyamba ndi kampani ya Sucoma ya a Lonrho, ndipo kuyambira 1997 ndi a Illovo. Cotero m'kapu imodzi mukomana phiri ndi cigwa: masamba a kumtunda, kutsekemera kwa kunsi kuno, ndi madzi a pa mjigo. Mlendo adabwa kuona anthu alikumwa cakumwa cotentha m'mwezi wa Okutobala, pamene mcenga uwaula mapazi ndipo mbuzi zomwe zibisala pansi pa nkhokwe. Ife sitidabwa, podziwa kuti cimene munthu wopalasa njinga ya kabaza afuna m'kapumo si masamba ai, koma shuga, kuti miyendo ikhale ndi mphamvu kufikira masana. Ndico cifukwa cace tiyi wa m'tiyirumu ayesedwa ndi masupuni, osati ndi pfungo.

Zokoma za nyumba zimenezi tizibvomera ndi mtima wonse. Coyamba, munthu aturukamo ndi miyendo yace ndi nzeru zace zomwe. Ife amene taika m'manda anyamata ophedwa ndi kacasu sitingapeputse cimeneci. Kale mwamuna wofuna kuceza ndi anzace analibe kwina koma pa mowa. Tsopano mkuru wa mpingo, Msilamu wogula nsomba, ndi mnyamata wodula nzimbe akhala pa benci limodzi, ndipo palibe wocita manyazi pomuona mnzace.

Cinanso, mlendo ali ndi pofikira. Cigwa cathu ndi njira; ciri cotero ciyambire David Livingstone anafika kwa Chibisa mu 1859, ndipo cinali cotero iye asanabwere. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, mlatho waukuru wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, ndipo pa masiteshoni anthu anaphunzira kugula cakudya kwa munthu wosamdziwa, cinthu cimene agogo athu akadaciyesa cacilendo. Pa gome la tiyi mumveka Cimang'anja, Cisena, Cilomwe, ndi Cipwitikizi comwe. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, makamaka kuyambira 1986 kufikira mtendere wa 1992, pamene othawa anadzaza boma la Nsanje, ambiri anapeza mbale wao wotayika mwa kufunsa m'malo otere. Akuru anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko sikaoneka mlendo akasowa pokhala pansi.

Ndiponso m'menemo ndimo mufika nkhani. Mtengo wa thonje pa msika, ganyu ali kuti, Ruo wadzala kapena sanadzale, mseu waduka pati: zonsezi munthu azimva asanatsirize sikono yace. Pa cigumula ca 2015, ndi ca Freddy mu 2023, mau a munthu wocokera kumtunda anali a mtengo wapatali, ndipo iye wakuwamva msanga anakweza mbuzi zace msanga.

Apa tikumbuka za ku London. Nyumba yoyamba ya khofi inatsegulidwa kumeneko mu 1652, ndipo anthu anazicha masukulu a kobiri limodzi, popeza wolipira kobiri anakhala pansi namva akatswiri alikutsutsana. Ya Edward Lloyd, m'mene munasonkhana eni zombo, inabala msika waukuru wa inshuwalansi wodziwika ndi dzina lace kufikira lero. Mfumu Charles II inaopa zolankhulidwa m'menemo, nilamula mu 1675 kuti zitsekedwe. Koma anthu anadandaula kotero kuti lamulolo linacotsedwa asanathe masabata awiri. Kwathu boma silinatseke zitseko, linatseka pakamwa. Akuru msinkhu akumbuka masiku a Dr. Banda, pamene munthu anayang'ana kaye nkhope zonse za pa benci asanayankhe funso, ndipo nkhani yosaopsa inali mvula ndi mpira basi. Pakamwa panatseguka ndi kalata ya maepiskopi ya 1992 ndi riferendamu ya 1993. Amene anabadwa pambuyo pace, akamva mnyamata alikudzudzula nduna mokweza ali ndi kapu m'manja, sadziwa kuti alikuona cinthu cogulidwa ndi misozi.

Komatu ketulo siisefa mau monga isefa masamba. Benci limene linyamula coona linyamulanso bodza, ndipo bodza ndilo lopepuka. Mu 2010, potsegulidwa doko la ku Nsanje, tinamva anzathu alikuwerenga zombo zimene zidzafika ndi nchito zimene ana athu adzalembedwa. Zombo sizinafike, ndipo amene anafunsa mafunso tsiku lija anayesedwa adani a citukuko. Kumeneko kunali kungotaya malobvu. Koma mu 2017 mbiri ya anamapopa inayenda m'maboma a kum'mwera, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Sitinena kuti inabadwira m'nyumba ya tiyi ai. Tinena kuti mbiri yotere ifuna pokhala anthu ambiri opanda wowatsogolera, ndipo pa bwalo la mfumu wonena bodza afunsidwa mboni, pamene pa gome la tiyi wopambana ndiye wa mau okweza. Foni ya m'manja yaonjeza nthendayi, pakuti tsopano wabodza aturutsa cithunzi, ndipo cithunzi anthu acikhulupirira koposa mbale wao.

Tsono tifike pa cimene citilemera koposa.

Owerenga athu acikulire adziwa cidyerano. Madzulo mabanja oyandikana anaturutsa mbale zao, wina ya mapira, wina ya cimanga, wina ya ndiwo zokha, nadyera pamodzi, amuna paokha, akazi paokha. Amene nkhokwe yace inatha sanafunsidwe cimene wabwera naco. Mwana wamasiye anatambasula dzanja monga ana ena, ndipo nkhalamba siinagone ndi njala cifukwa ca kusowa mphamvu ya kulima. Mphunzitsi wa mbiri yakale, Elias Mandala, analemba buku lathunthu la zakudya za m'cigwa cino mu 2005, nalicha The End of Chidyerano, ndiko kunena kutha kwa mwambowo. Ife tikayang'ana gome la tiyi tiona ngati cidyerano cauka: amuna ali pamodzi, aseka, apatsirana mbale ya shuga. Koma cifaniziroco cinyenga. Cidyerano cinaturutsa cakudya m'nyumba kunka pabwalo kuti onse adye; tiyirumu iturutsa ndalama m'nyumba kuti adye mmodzi. Pa cidyerano polowera panali ubale. Pano polowera ndi thumba. Wosauka weniweni salowa; aimirira panja pa nsaru ija, namva kuseka.

Ndipo ndani atsala kunyumba? Tinali ndi mwana wina m'kalasi, mtsikana wa nzeru, amene m'nyengo ya njala anakomoka nthawi ya masamu. Titamtsira madzi tinapeza kuti sanalawe kanthu ciyambire dzulo lace masana, ndipo cimene anadya pamenepo ndi nyika zokumba m'dambo. Tinatuma mnyamata kukaitana atate wace. Anakawapeza m'nyumba ya tiyi, alikunyika banzi m'kapu ya mkaka. Munthuyo sanali woledzera kapena wankhanza. Anati afunika mphamvu kuti akagwire ganyu, ndipo ganyuyo amvekera momwemo. Ndipo m'mau acewo munali coona. Koma ndalama imene inatha pa gome lija m'mawa umodzi ikadagula ufa wa phala la ana onse a m'nyumbamo. Tisabise: tsiku lomwelo ife eni tinali titamwa tiyi pa gome lomwelo, ndipo dzina lathu linali m'kabuku ka ngongole, kudikira malipiro a kutha kwa mwezi. Sitinathe kuwadzudzula atatewo ndi mau okweza.

Kabuku kameneko kayenera ndime yaceyace. Kali ndi cifundo, pakuti mwini nyumba akhulupirira mnansi wace kufikira thonje litagulidwa. Koma ngongole ya tiyi iri ngati ciswe: siimveka polowa. Kapu imodzi siopsa munthu. Makumi atatu aopsa, ndipo afika tsiku limodzi ndi fizi ya mwana. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu mu 2023, ndipo shuga atasowa m'masitolo mu 2024, ngakhale kuno kumene utsi wa fakitale uoneka ndi maso, eni nyumba za tiyi anacepetsa masupuni, nakweza mtengo, ndipo ena anatseka. Ambiri anagwa si cifukwa ca kusowa akumwa ai, koma cifukwa ca kucuruka kwa akumwa osalipira.

Ena adzati, Nanga mufuna zitsekedwe? Iai. Mfumu ya ku London inalephera, ndipo ife sitiri mafumu. Ndiponso tikadatseka, amunawo sakadabwerera ku cidyerano, cimene cinatha pa zifukwa zina zazikuru, monga ndalama, maulendo a kunchito, ndi kucepa kwa minda. Akadabwerera ku kacasu. Tidziwanso akazi amasiye amene aphunzitsa ana ao ndi phindu la ketulo ndi mandasi, ndipo ameneo tiwacitira ulemu. Cimene tifunsa nca iwo akukhala pa benci, makamaka ife odziwa kuwerenga, amene anzathu atiyang'ana pakamwa nkhani ikabvuta. Mphunzitsi kapena mkuru wa mpingo akamva mbiri yokaikitsa nakhala cete kuti asaononge maceza, wabvomereza. Kufunsa mofatsa kuti, Mwaona ndi maso anu kodi, kapena mwangomva? sikufuna ndalama. Momwemonso mwamuna angathe kudziikira lamulo lakuti salowa m'nyumba ya tiyi ana ace asanalawe phala. Ndipo tamuona wina amene agula masikono awiri, nadya imodzi, nakulunga inzace m'pepala. Anzace amseka kuti adyetsedwa mankhwala ndi mkazi wace, koma iye salabada. Kupatsa nkuika, anatero akale, ndipo sananene kuti kuyambire pa alendo.

Cotsala ndi ca akazi. M'nyumba zambiri za tiyi mkazi alimo, koma ali ciriri: asonkheza moto, atsuka makapu, awerenga ndalama. Wokhala pansi ndi kapu ndiye wapaulendo, wodikira basi, ndipo amwa msanga maso ali pansi. Mkazi wa pamudzi pomwepo akalowa yekha nakhala, madzulo ace mudzi wonse ukhala utamva. Cotero nkhani za mtengo wa thonje, za cisankho, za madzi akudza, zikambidwa popanda iwo amene alima theka la munda ndi kunyamula ana madzi akafika. Iwo azimva mocedwa, pa mjigo kapena pa cigayo, zitapita kale m'kamwa mwambiri. Tsiku lina tinamfunsa mai wina, mwini nyumba yotere, cifukwa cace anzace salowa kudzamwa. Anatiyang'ana monga ayang'ana mwana wofunsa zopusa, natifunsa ife amene adzatunga madzi ndi kutola nkhuni akazi akakhala pa benci. Tisanapeze coyankha anaturuka kukaona ketulo, pakuti basi ya ku Nsanje inali itaima panja.