Munthu amene anamanga kwawo m'chipani: kuunika buku la Eric Hobsbawm

Mwezi uno gulu lathu lamaliza kuwerenga Interesting Times, mbiri ya moyo wa Eric Hobsbawm imene analemba yekha n'kuitulutsa mu 2002, ali ndi zaka 85. Ndi chibuku ndithu, masamba opitirira 400, ndipo Chingerezi chake malo ena n'chouma. Komabe tikuti anzathu aliwerenge, chifukwa muli funso limene ife a m'migodi timagona nalo: munthu amene sangaloze mudzi n'kunena kuti kwathu ndi uko, mtima wake amauika pati?

Hobsbawm anali Myuda, katswiri wa mbiri yakale. Anabadwira ku Alexandria, m'dziko la Egypt, mu 1917. Bambo ake anali a ku London, mayi ake a ku Vienna. Kalaliki wa ofesi ya Britain amene analemba za kubadwa kwake anaphonya chilembo chimodzi, Hobsbaum n'kukhala Hobsbawm, ndipo dzinalo linakakamira mpaka imfa. Amene maina athu anapotozedwa pa mapepala a ntchito tinaseka pamenepa. Ali wakhanda banja linasamukira ku Vienna, kumene umphawi unawapana. Bambo anamwalira mu 1929, mayi mu 1931. Mwana wamasiye wa zaka 14 uja anatengedwa ndi achibale ku Berlin, ndipo mu 1933 anasamukanso nawo kupita ku London. Pofika zaka 16 anali atakhala m'maiko anayi. Anzake a kusukulu ku Berlin ankamutchula kuti Mngelezi, koma ku England nako anafika ngati mlendo. Za chipembedzo analibe nazo ntchito, ndipo maganizo oti Ayuda onse kwawo kukhale ku Israel sanawatsatire. Chimene anasunga ndi langizo la mayi ake loti asadzachite chinthu chooneka ngati akuchita manyazi ndi Chiyuda chake.

Machaputala a ku Berlin ndiwo mtima wa bukuli. Mu 1932 anthu pafupifupi 6 miliyoni ku Germany anali pa ulova, ndipo otsatira Hitler ankamenyana ndi Akomyunizimu m'misewu. Mnyamata wopanda bambo, wopanda mayi, wopanda dziko, analowa kagulu ka ana asukulu a Chikomyunizimu. Akusimba bwino zedi za chionetsero chomaliza chololedwa cha chipanicho mu Januwale 1933, anthu miyandamiyanda akuguba n'kumaimba m'chisanu choopsa, komanso za tsiku la 30 mwezi womwewo pamene anaona mutu wa nyuzipepala woti Hitler wapatsidwa boma, iye akuchokera kusukulu ndi mlongo wake. Ukawerenga pamenepa umaona wekha zimene zinachitika: mwanayu anapeza kwawo. Sunali mudzi ayi, chinali chipani.

Kusowa mizu kumeneku kunamupatsa maso. Paja akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anzake ambiri ankalemba mbiri ya dziko lawo lokha, koma iye analemba mabuku anayi, kuyambira The Age of Revolution la 1962 mpaka The Age of Extremes la 1994, osonyeza mmene mafakitale, chuma ndi nkhondo zinalumikizira dziko lonse kuchokera mu 1789. Analemba za anthu amene ophunzira ankawadumpha: antchito, alimi osauka, zigawenga za kumidzi. Kuyambira 1947 ankaphunzitsa ku Birkbeck, koleji ya ku London kumene anthu amaphunzira madzulo ataweruka kuntchito, ngati momwe tichitira ifemu. Mu 1983 iye ndi Terence Ranger, wolemba mbiri ya Zimbabwe, anasonkhanitsa buku la The Invention of Tradition, losonyeza kuti miyambo yambiri imene timauzidwa kuti ndi ya makolo inachita kupangidwa chaposachedwa, ina ndi atsamunda. Munthu wokulira pamudzi umodzi sakanafulumira kukayikira zotere.

Koma tili ndi madandaulo awiri. Loyamba ndi la mapepala. Mkuluyu akuvomera yekha kuti sanali wothawa kwawo, popeza anali nzika ya Britain kudzera mwa bambo ake. Ayuda ena ambirimbiri anapempha malo m'maiko osiyanasiyana n'kukanidwa, ndipo Ayuda 6 miliyoni anaphedwa mu ulamuliro wa Hitler. Iye anangolowa, mu 1936 n'kupeza malo ku King's College, Cambridge. Kusowa kwawo kwa mumtima ndi kwina, kusowa chitupa ndi kwina. Aliyense amene anaimapo pa mzere wa pemiti, kapena kubisala galimoto ya apolisi ikamadutsa, akudziwa kusiyana kwake. Bukuli likufotokoza bwino za mtundu woyambawo, koma wachiwiriwo musakaufunemo.

Dandaulo lachiwiri ndiye lalikulu. Mu 1956 Khrushchev anaulula nkhanza za Stalin, ndipo mu Novembala chaka chomwecho akasinja a Soviet Union anapondereza anthu a ku Hungary, ambiri a iwo antchito a m'mafakitale. Anzake olemba mbiri, monga E. P. Thompson ndi Christopher Hill, anatuluka m'chipani. Hobsbawm anadzudzula ali m'kati, koma sanatuluke, ndipo anakhalamo pafupifupi mpaka chipanicho chinatha mu 1991. Zifukwa akupereka ziwiri: kuti iye analowa ali mwana ku Berlin pamene dziko linkagwa, ndiye chingwe chake chinali chovuta kudula, komanso kuti sankafuna kuoneka ngati wathawa kuti zake ziyende. Tikumumvetsa, koma yankholi silikutikwanira. Likunena za mtima wa iye mwini, pamene funso ndi la anthu amene anafa. Thompson anali ndi England woti abwerereko. Hobsbawm akanatuluka akanakhalanso wamasiye kachiwiri. Apa m'pamene munthu wa maso akuthwa uja anasankha kuyang'ana kumbali, ndipo bukuli likudutsapo mopepuka kuposa momwe iye akanalolera wolemba wina.

Nkhaniyi ikutikhudza, abale. Ambiri a ife tatha zaka kunja kuno, kumudzi ayamba kutitchula matchona, kuno akutitchula obwera. Ndiye timamanga kwathu kwina: mu yuniyoni, mu mpingo, m'bungwe la maliro. Zimenezo n'zabwino, popanda izo munthu sungalimbe. Koma nyumba yotere ikayamba kudontha, amene alibe kwina kolowera ndiye amakhala womaliza kuvomera kuti ikudontha. Atsogoleri akadya ndalama za mamembala, amene timawaikira kumbuyo kwambiri nthawi zambiri ndife omwe tilibe pena pogwira.

Hobsbawm anamwalira ku London pa 1 Okutobala 2012 ali ndi zaka 95. Pamaliro ake pananenedwa pemphero lachiyuda la omwalira, ndipo phulusa lake linaikidwa kumanda a Highgate, pafupi ndi manda a Karl Marx. Panalibe mudzi wotumizako thupi. Amene nthawi ikuwachepera chifukwa cha mashifiti awerenge machaputala asanu oyambirira ndi chaputala cha 1956, tidzakambirane pa msonkhano wathu wotsatira.