Kupatsa Cinderella Foni Si Luso

Zimandinyansa kuona olemba akuganiza kuti akapatsa Cinderella foni yam'manja, kapena akakweza mmbulu njinga yamoto, ndiye kuti alemba nthano yoseketsa. Mwana amasekadi pa tsamba loyamba, koma pofika lachisanu bukulo waliponya uko. Apitirizirenji kuwerenga poti nthabwala yatha kale?

Luso lagona pofunsa funso limene nthano yakale inalilumpha. Mu 1989 Jon Scieszka analemba The True Story of the 3 Little Pigs, n'kumulola mmbulu kuti anene mbali yake pa mlandu wa ana a nkhumba atatu aja. Akuti iye ankangopita kukapempha kapu ya shuga yopangira agogo ake keke, koma anali ndi chimfine. Atayetsemula, nyumba ya udzu inagwa yokha! Mwana amene nthanoyo amaidziwa kale amafa nacho chiseko poona mmbulu akudziyeretsa, ndipo pompo waphunzira kumukayikira wosimba nkhani, nzeru imene adzaifune m'mabuku aatali.

Koma amene amandigwira mtima ndi Gail Carson Levine. Mu Ella Enchanted, buku la mu 1997, anafunsa zimene tonse tinkangozimeza: n'chifukwa chiyani Cinderella amangomvera akamamuzunza? Yankho lake n'lakuti mayi wamatsenga, Lucinda, anamupatsa Ella, Cinderella wa m'bukuli, "mphatso" ya kumvera ali khanda. Akalamulidwa chilichonse, thupi lake limachita ngakhale mtima ukukana. Ndiye amazengereza, amachita mokhotetsa, amasaka mpata m'mawu a womulamulayo. Nthabwala ikuchokera m'vuto lake lomwelo, n'chifukwa chake siuma ngakhale masamba apitirire 200. Mwana aliyense amene anatumidwapo ali pakati pa masewera amamumvetsa Ella, ndipo sagona asanadziwe ngati adzamasuke.

Ambiri amatamanda Roald Dahl chifukwa mu Revolting Rhymes, buku la mu 1982, kamtsikana kovala zofiira kanasolola mfuti n'kuombera mmbulu. Kumeneko ndi kudzidzimutsa chabe, sikungamuyendetse mwana mitu khumi.

Olemba athu asavutike n'kuveka Kalulu suti. Afunse chifukwa chake Fisi, atapusitsidwa kambirimbiri, amamukhulupirirabe Kalulu. Ndi umbombo, kapena alibe bwenzi lina? Amene ayankhe funso limeneli, Fisi akudzisimbira yekha, adzawapatsa ana athu buku lalitali loti alimalize osakakamizidwa ndi aphunzitsi.