Mwambo wa m'buku: kodi anafunsa yani?

Loya akaimirira m'khoti n'kunena kuti mwambo wa Achewa umati chakuti, ambirife timangogwedeza mutu ngati wawerenga m'Baibulo. Koma mwambowo anautola kuti? Funso limeneli ndilo landichititsa kuika pamodzi mabuku awiri akale amene samwerana madzi.

Loyamba ndi la J. O. Ibik, katswiri wa malamulo wochokera ku Nigeria. Linatuluka m'magawo awiri, mu 1970 ndi 1971, pantchito ya Restatement of African Law imene Antony Allott ankatsogolera ku London. Gawo lina likunena za ukwati ndi chisudzulo, linalo za malo, chuma chamasiye ndi zina zotero. Njira ya ntchitoyi inali kusonkhanitsa mafumu ndi akuluakulu ozenga milandu, kuwafunsa zimene mwambo ukunena, kenaka n'kulemba mayankhowo mwandondomeko, mtundu ndi mtundu. Bukuli ndi laukhondo ndithu, woweruza sangasochere. Koma inetu chikundivuta n'chakuti kufunsa mfumu za mphamvu za mfumu kuli ngati kutuma fisi kuti awerenge mbuzi.

Lachiwiri ndi la Martin Chanock, Law, Custom and Social Order, la mu 1985, lokamba za Malawi ndi Zambia m'nthawi ya atsamunda. Iyeyu anakafukula makalata akuboma ndi zolembedwa za milandu. Anapeza kuti zambiri zimene timati n'zamakolo zinaumbidwa m'nthawi ya atsamunda momwemo. Ukapolo utatha, ndalama zitabwera, anyamata akuthamangira ku Joni ndi ku Halale, madoda ankauza Mzungu mwambo wokhwima wowathandiza kugwira akazi ndi achinyamata. Mzungu n'kulemba, basi lasanduka lamulo.

Chanock nayenso ali ndi pofooka pake. Mawu a mayi wodandaula pabwalo amatifika atadutsa kwa womasulira ndi kalaliki. Chingerezi chakenso n'cholimba, si choti munthu n'kuwerenga m'basi.

Nanga kafukufuku wa malamulo n'sayansi? Alibe choyezera ngati cha dokotala, izo n'zoona. Koma kwa ine kafukufuku amayenera dzinalo ngati wofufuzayo akuulula amene anawafunsa ndi amene anawasiya, akusiyanitsa zimene anthu amanena ndi zimene amachita mlandu ukabuka, ndipo akusiya mapazi oti wina alondole n'kumutsutsa. Pamuyeso umenewu Chanock akuposa mnzakeyo.

Musaganize kuti ndi nkhani ya ku yunivesite chabe ayi. Lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 linati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, komabe maliro akachitika sipalephera kupezeka mbale wa malemu wonyamula mipando ndi malata, pakamwa pali mawu oti mwambo. Choncho ophunzira malamulo athu, mukamapita kumudzi ndi kope, mukachoka kwa amfumu mukakhalenso pamphasa ndi amayi ofedwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.