Manja Amene Amawerenga Thumbo

Thumbo la munthu likadulidwa ku chipatala cha UTH silitayidwa. Amaliika m'chidebe cha fomalini, kulembapo dzina ndi nambala, n'kulitumiza ku labu ya pathology. Mwini wake, tinene bambo wa ku komboni ya Kuku amene watha miyezi akuona magazi m'chimbudzi n'kumati ndi kamwazi kapena mudzi, wadutsa kale pa chipatala cha Chawama, walandira kalata yopita ku UTH, ndipo tsopano wagona mu wodi akuganiza kuti ntchito yaikulu yatha. Achibale athokoza dokotala wa opaleshoni, ndipo ayeneradi kutero. Koma mayi wa kunyumba akaima pakhonde n'kufunsa kuti, "Adokotala, kodi abambowa achira, kapena zidzayambanso?", yankho lake limakhala lili m'chidebe chija, m'manja mwa anthu amene banjalo silidzawaona nkhope.

Ntchito yawo imayamba ndi kudekha. Fomalini amalowa mu mnofu pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola. N'chifukwa chake thumbo amaling'amba m'litali, kulitsuka, n'kulimiza m'mankhwala ochuluka kakhumi kuposa mnofuwo, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Akalisiya lotseka, kapena likagona pa thireyi kwa maola mu kutentha kwa Okutobala, m'kati mumayamba kuwola, ndipo zimene zawola palibe makina odula amene angazibweze. Akalikhalitsanso m'fomalini kwa masabata, DNA yake imaduka zidutswazidutswa. Zonse zimene akatswiri a majini amakamba pa misonkhano ikuluikulu zimadalira munthu amene anadzaza chidebe mokwanira ndi kuyang'ana wotchi.

Kenako pamabwera gawo limene ine ndimalilemekeza koposa. Dokotala wa pathology amayeza chotupa, kuona kutalika kwake kuchokera pamene mpeni unadutsa, kupaka inki m'mphepete kuti adzazindikire malire pa maikulosikopu. Akatero amayamba kufufuza m'mafuta achikasu omatirira thumbo. M'mafutamo muli timwanabele, tija timatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche munthu akakhala ndi bala, ndipo ndi mmene khansa imayamba kufika ikachoka m'thumbo. Tina n'tating'ono kwambiri, mamilimita awiri kapena atatu, ndipo maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi mafutawo. Maso sathandiza mokwanira. Amatipeza ndi nsonga za zala, akutikita pang'onopang'ono, monga mmene mayi amapezera timiyala mu nyemba asanaziike pa moto. Lamulo la ntchitoyi n'lakuti apeze osachepera 12. Wotopa akapeza 6 n'kuleka, kamene kali ndi khansa katha kukhala ka nambala 9. Pepala lidzanena siteji 2 pamene zoona zake ndi siteji 3, ndipo munthu amene anayenera kupita ku Cancer Diseases Hospital, pafupi pomwepo ndi UTH, kukalandira kemo, adzauzidwa kuti apite kwawo akapume. Njira yowerengera kuzama kwa chotupa ndi timwanabele inakhazikitsidwa ndi Cuthbert Dukes ku chipatala cha St Mark's ku London mu 1932. Mayina a masiteji asintha, koma zala zija sizinalowedwe m'malo.

Tizidutswa tosankhidwa timagona usiku wonse m'makina: spiriti amachotsa madzi, xylene amachotsa spiritiyo, phula lotentha pafupifupi madigiri 60 n'kulowa m'malo onse otsala. M'mawa mnofu uja umakhala uli m'kabuloko kolimba koyera. Pamenepo katswiri wa mu labu amakhala pa microtome, makina a chogudumu ndi lumo, n'kuyamba kusenga timapepala ta phula tokhuthala mamaikuloni 4. Tsitsi la munthu ndi mamaikuloni 70 kapena kuzungulira pamenepo. Selo lofiira la magazi ndi 7. Ndiye kuti amadula mopyapyala kuposa selo limodzi la magazi. Dzanja lamanja limazungulitsa chogudumu mosathamanga ndi mosaima, lamanzere limalandira kansalu ka phula kamene kakutuluka, ndi kaburashi. Akafulumira, kansaluko kamakwinyika. Lumo likakhala ndi kachibenthu, limasiya mzere pagalasi lonse. Buloko ikafunda amaibweza pa ayezi. Kansaluko amakayandamitsa pa madzi ofunda mpaka makwinya atawongoka, kenako amakawola ndi kagalasi kuchokera pansi, kamodzi kokha. Amene waionapo ntchitoyi amadziwa kuti ngakhale kupuma kwa wodulayo kumasintha, chifukwa mpweya wa m'mphuno wokha ungauluze gawo limene linali ndi yankho.

Utoto wopaka pa kagalasiko ndi uwiri, ndipo ndi wakalekale. Haematoxylin, wochokera ku mtengo wa logwood wa ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, amadetsa phata la selo kukhala lobiriwira ngati buluu. Eosin amafiiritsa zotsalazo. Ndi utoto wotchipawu dokotala amaona zambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Amaona khansa, inde. Koma waluso amayang'ananso m'mphepete mwa chotupa, pamene chikukumana ndi mnofu wabwino, kuti aone ngati thupi linayankha. Pa magalasi ena pamakhala timadontho tabuluu tothithikana, asilikali a m'thupi otchedwa lymphocyte, atazinga chotupacho ndi kulowa m'kati mwake. Pa magalasi ena pamakhala mbee. Jeremy Jass, ku St Mark's komweko, anasonyeza cha m'ma 1986 kuti odwala a khansa ya kumapeto kwa thumbo amene ali ndi asilikali ambiri m'malire amakhala moyo nthawi yaitali. Mu 2005 Klintrup ndi Mäkinen a ku Finland anakonza njira yapafupi yopatsira malirewo magiredi, kuyambira 0 mpaka 3, ndi maso okha. Mu 2006 Jérôme Galon ndi anzake ku Paris anawerenga maselo a mtundu wa T mmodzimmodzi, n'kupeza kuti kuchuluka kwawo kumalosera za kubwerera kwa matenda mwamphamvu kwambiri, ndipo ntchito yawo inabala chiyeso chotchedwa Immunoscore. Chimenechi chimafuna mankhwala odula ndi kompyuta. Njira ya ku Finland imafuna galasi lodulidwa bwino ndi munthu wodziwa kuyang'ana, ndipo kwa ife kuno ndiyo ndimaiona yofunika kuitama.

Asilikaliwo safika okha, amachita kuitanidwa. Maselo amatumizirana uthenga ndi timapuloteni totchedwa ma cytokine ndi ma chemokine. CXCL9 ndi CXCL10 amakoka maselo a T kuti abwere pa chotupa. IL-8 amakoka asilikali a mtundu wina, ma neutrophil, komanso amathandiza kumera kwa timitsempha tatsopano ta magazi timene chotupa chimadyerapo, motero akachuluka nkhani imakhala yoipa. IL-6 amayenda m'magazi mpaka ku chiwindi, kukachiuza kuti chipange puloteni ya CRP yambiri ndi kuchepetsa albumin. Donald McMillan ndi anzake ku Glasgow anaona kuti manambala awiriwa, CRP yoposa mamiligalamu 10 pa lita ndi albumin yochepera magalamu 35 pa lita, amauza dokotala zambiri za mmene wodwala khansa adzayendere. Chitetezo chimene chasonkhana pa chotupa penipeni n'chabwino. Kutupa kumene kwafalikira thupi lonse n'koipa, ndipo kumayenda limodzi ndi kuwonda ndi kufooka.

Apa ndi pamene Kuku amalowa m'nkhaniyi ndi mphamvu. Munthu wa ku Glasgow CRP yake ikakwera, chokayikitsa choyamba chitha kukhala chotupacho. Munthu wa m'komboni imene imasefukira chaka ndi chaka, mmene zimbudzi zimadzaza madzi a mvula ndipo kolera inavuta mu 2017 ndi 2018 n'kubweranso mu 2023 ndi 2024, ali ndi zifukwa zina zambiri zokwezera nambala imodzimodziyo: TB, malungo, HIV, matenda a m'mimba obwerezabwereza. Paul Kelly ndi gulu la TROPGAN la pa sukulu ya zamankhwala ya yunivesite ya UNZA akhala zaka zoposa 20 akupima matumbo a anthu a m'komboni ya Misisi, anansi enieni a Kuku. Anapeza kuti ngakhale akuluakulu amene sakudwala, thumbo lawo laling'ono limakhala lotupa pang'ono nthawi zonse, ndipo timinyanga take toyamwa chakudya n'tofupika. Dokotala amene angatenge nambala ya ku Glasgow n'kuiika pa bambo wa ku Kuku osafunsa za chifuwa, kutentha thupi ndi ma ARV, wawerenga pepala, sanawerenge munthu.

Majini nawo ali ndi msampha wofanana. Pa maselo ofiira a magazi a anthu ambiri a ku Ulaya pali puloteni yotchedwa Duffy, imene imagwira ma chemokine monga IL-8 ndi kuwasunga. Anthu ambiri a ku Africa kum'mwera kwa Sahara anabadwa opanda puloteniyi pa maselo ofiira, ndipo kusowa kwake kumawateteza kwambiri ku malungo a mtundu wa vivax. Anthu otere kawirikawiri amapezeka ndi ma neutrophil ochepa m'magazi ali bwinobwino. Tsono chiyeso china chotchuka cholosera za khansa chimayerekeza nambala ya ma neutrophil ndi ya ma lymphocyte, ndipo nambala ya ma neutrophil yomweyo ndi imene amayang'ana asanapereke kemo. Malire ojambulidwa pa azungu atha kuchedwetsa mankhwala a munthu amene alibe vuto. Chimodzimodzi kusiyana kwa chilembo chimodzi pa jini ya IL-6, kotchedwa -174, kumene ofufuza a ku Ulaya akhala akukanganirana kwa zaka: mtundu wake wa C ndi wofala kwawo koma wosowa pakati pa anthu akuda. Mapepala ambiri a nkhani imeneyi amatsutsana okhaokha, ndipo sindidabwa.

Pali majini amene umboni wake ndi wolimba. Chotupa chimene chili ndi kusintha pa jini ya KRAS sichimva mankhwala a cetuximab, motero kupima kumapulumutsa banja kuti lisagulitse nyumba chifukwa cha mankhwala osagwira. Ndipo pafupifupi zotupa za m'thumbo 15 pa 100 zili ndi vuto pa mapuloteni anayi okonza zolakwika za DNA: MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2. Zotupa zimenezi zimadzaza zolakwika zambirimbiri, chitetezo chimaziona mosavuta, n'chifukwa chake ndizo zija zimathithikana asilikali. Dokotala wozolowera amazikayikira pa utoto wamba uja asanaitanitse chiyeso chodula, makamaka chotupa chikakhala kumanja kwa mimba, chodzaza mamina, mwa munthu wosafika zaka 50. Mu 2022, ku Memorial Sloan Kettering ku New York, odwala 12 a zotupa za mtunduwu kumapeto kwa thumbo anapatsidwa dostarlimab, mankhwala omasula chitetezo, ndipo mwa onsewo chotupa chinazimirira popanda mpeni. Mtengo wake suli pafupi ndi thumba la munthu wa ku Kuku.

Komabe kuzindikira chotupa chotere kuli ndi phindu lina limene silidikira mankhwala a ku New York. Mwa odwala pafupifupi atatu pa 100, vuto la mapuloteni aja n'lobadwa nalo, limene limatchedwa Lynch syndrome, ndipo mwana aliyense wa munthu wotere ali ndi mwayi wa theka wotengera. Dokotala wa pathology akalemba mzere umodzi pansi pa lipoti, wopempha kuti afunse za achibale, wa ku kiliniki amaitana abale a wodwalayo. Amawafunsa kuti ndani m'banjamo anamwalira ndi matenda a m'mimba akadali wamng'ono, ndi azakhali ati anadwala khansa ya m'chiberekero. Amene apezeka kuti anatengera amayamba kuunikidwa m'thumbo ndi kamera ali ndi zaka za m'ma 20 kapena 30, kutengera jini imene yakhudzidwa, chaka chilichonse kapena pakapita zaka ziwiri, ndipo tinyama tomera m'thumbo amatichotsa tisanasanduke khansa.