Luso la wopemphera pa siwa

Pamaliro pamalankhula anthu ambiri: woimira banja, nyakwawa, wowerenga chipepeso, mlaliki. Onsewa timawayeza pobwerera kunyumba. Timati mlaliki lero anafika pamtima, kapena wa mbiri ya malemu anatalikitsa. Wopemphera yekha sitimuyeza, poopa kuti kudzudzula pemphero n'kudzudzula Mulungu. Komatu pemphero lapagulu amaliumba ndi munthu, ndi mawu amene iye wasankha, ndipo mayi amene wakhala pafupi ndi bokosi amamva bwino lomwe ngati mawuwo amufikira kapena angomudutsa pamwamba.

Chimene chimaononga mapemphero ambiri a pa zovuta ndi changu. Wopemphera sanatchule n'komwe dzina la malemu, wafika kale kudziko lopanda misozi. Akuthokoza Mulungu poti zonse zachitika mwa chifuniro chake, kwinaku akuuza anamfedwa kuti ife tinamukonda koma Mwini wake wamukonda koposa. Mawuwa amanenedwa ndi mtima wabwino, sindikukana. Koma kwa mwana amene bambo ake atsikira kulichete dzulo usiku, amamveka ngati akuletsedwa kulira, ngatinso chikondi cha Mulungu ndi chimene chamulanda kholo. Chiyembekezo chili ngati ufa wothira mumphika: ukauthira mothamanga, nsima yake imachita mibulu, ndipo wanjala yemweyo amaikankhira pambali.

Alembi a Masalimo ankadziwa kudikira. Salimo 13 lili ndi ndime 6 zokha. Ziwiri zoyamba ndi dandaulo lokhalokha, funso limodzi lobwerezedwa kanayi, lofuna kudziwa kuti masautsowa adzatha liti. Ziwiri zapakati ndi pempho. Kukhulupirira kumabwera m'ziwiri zomaliza, ndipo kumamveka koona chifukwa tamuona kale mwiniwake akubuula. Tikadula ndime zinayi zoyambazo n'kusiya zomalizazo, mawu ake sasintha, koma satonthozanso munthu.

Buku la Maliro ndi limene limandiphunzitsa zambiri. Linalembedwa polira Yerusalemu, mzinda umene Ababulo anaupasula cha m'ma 587 Yesu asanabadwe. M'Chihebri, mitu inayi yoyamba inalukidwa motsata zilembo 22 za chinenerocho, kuyambira choyamba mpaka chomaliza. Mutu 3, umene uli pakati pa bukuli, uli ndi ndime 66, zitatu pa chilembo chilichonse. Taganizani: munthu waona ana akukomoka ndi njala m'misewu, komabe wakhala pansi n'kuyala chisoni chakecho mwadongosolo, kuti chilire chonse, pasatsale mbali ina yobisika. Mawu otchuka a chifundo cha Mulungu chimene chimakhala chatsopano m'mawa uliwonse amabwera m'mutu 3 womwewo, patadutsa ndime 20 za ululu. Ndipo mlembiyo sanathere pomwepo. Anabwereranso kukalira, ndipo buku lonse limatha akufunsabe ngati Mulungu wawataya kotheratu. Ife timazula ndime zokomazo n'kuziika pa kalendala, kuiwala nthaka yowawa imene zinamerapo.

Opemphera athu aluso, amene ambiri a iwo sanalowepo sukulu ya zaubusa, amachita zomwezi. Mverani mayi wachikulire wa Mvano kapena wa Chigwirizano akapatsidwa pemphero pakati pa usiku, amuna ali panja kuwotha moto. Amayamba motsitsa mawu. Amatchula malemu ndi dzina limene anthu ankamuitana nalo pamudzi. Amatchula ana mmodzimmodzi, amene ali pafupi kulemba mayeso, amene akadali kumsana. Amamuuza Mulungu za munda umene watsala osapalira, za njira ya kuchipatala imene banja layenda miyezi yonseyi. Wina anganene kuti Mulungu akudziwa kale zonsezi. N'zoona, koma namfedwa akamva katundu wake akutchulidwa chimodzichimodzi pamaso pa Mulungu, amadziwa kuti wina wamuona. Kulira kumakwera m'nyumbamo, ndipo mayi uja sakweza mawu kuti apikisane nako. Amaima kaye. Kukatsika m'pamene amatembenukira ku lonjezo la kuuka kwa akufa, mwachidule, mawu awiri atatu, n'kusiyira anzake kuti ayambitse nyimbo. Kudziwa nthawi yotembenukirayo ndiye mtima wa luso lonseli.

Zolakwika zina n'zodziwika ndipo sindichedwapo. Pali olalikira atatsinzina, amene amatenga pemphero ngati mpata wodzudzula abale osapita kutchalitchi. Pali odzaza mipata ndi dzina la Ambuye pa mawu atatu alionse chifukwa asowa chonena. Chimkuzamawu chawonjezera vuto lina, poti munthu akachigwira amayamba kupempherera khamu lili kumsewu, kuiwala amene ali pamphasa pafupi naye.

Mapemphero oloweza pamtima ena amawaderera, amati alibe moyo. Ine ndimaona mosiyana. Akatolika a mumphakati akamapemphera korona pa siwa, namfedwa amene sangathe kupanga chiganizo chakechake amapeza mawu omudikirira kale. Amalowa, mphamvu zikatha n'kusiya, n'kudzalowanso, gulu likupitirirabe. Luso la pamenepo lili mwa wotsogolera: asathamange, ndipo asasinthe liwu pofuna kudzionetsa.

Mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndi kukokolola midzi ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu, opemphera anakumana ndi mayeso amene mwambo wathu sunawakonzekeretse. Anthu mazanamazana matupi awo sanapezeke. Panalibe bokosi loliyang'ana, panalibe manda oikapo nkhata, ndipo mabanja ena sankadziwa ngati apemphere kuti m'bale wawo apezeke wamoyo kapena kuti mzimu wake uuse mumtendere. Pamalo otere, pemphero lothamangira kumasulira zolinga za Mulungu limasanduka nkhanza. Baibulo lili ndi pemphero loyenera tsiku lotere, Salimo 88, limene limayamba ndi kufuula ndipo limathera mumdima, lopanda kutembenuka kulikonse. Sitiliwerenga kawirikawiri m'matchalitchi mwathu, mwina poopa kuti lifooketsa anthu. Koma woliimbayo, kuyambira ndime yoyamba mpaka ya 18, akulankhulabe ndi Mulungu, sanatembenukire kwina. Amene anasonkhanitsa Masalimo analisunga momwemo osalikometsa kumapeto, ndipo ndikanakonda akulu a mipingo ophunzitsa achinyamata kutsogolera mapemphero akanamayamba ndi salimo limeneli asanawaphunzitse Salimo 23.