Walnut, Mwana wa Mafuko Awiri

Wambani ng'oma pamoto, chikopa chikungike. Mbalule ayambe, mpanje avomere. Lero tikutamanda mfumu ya kutali, ya kumapiri a Asia, mtengo wa walnut.

Ndinu, Chigoba-chouma! Ndinu, Mbisa-mafuta! M'kaundula wa ophunzira munalembedwa kuti Juglans regia, wa banja la Juglandaceae, mmodzi mwa abale oposa 20. Wokubzalani amamwalira, mwana wake nakalamba, mdzukulu namera imvi, inu mukuyoyolabe mtedza.

Mwana wa Mafuko Awiri! Akatswiri anavutika nanu zaka zambiri, kusowa pokuikani pamzere wa makolo. Akayang'ana uku mukufanana ndi abale a ku America, akayang'ana uko mukufanana ndi a kum'mawa kwa Asia. M'chaka cha 2019 ofufuza a ku Beijing Normal University ndi anzawo anawerenga DNA ya mitundu yambiri ya walnut, napeza kuti magazi anu ndi awiri. Zaka pafupifupi 3.45 miliyoni zapitazo, fuko lomwe zidzukulu zake lero zili ku America linakumana ndi fuko lomwe zidzukulu zake zili ku Asia, ndipo paukwati umenewo munabadwa inu. Panalibe mlimi, panalibe nazale, panalibe dzanja la munthu. Ankhoswe anali mphepo, yonyamula mungu kuchoka pamtengo uwu kukautula pamtengo uwo. Ndinu haibulidi wa chilengedwe, wobadwa khasu lisanasulidwe.

Lira ng'oma, tiitane abale mmodzimmodzi. Juglans nigra, wakuda wa kum'mawa kwa North America, wansanje ndi nthaka, amene mizu yake imatulutsa juglone kuti tomato wobzalidwa pafupi afote. Juglans cinerea, butternut wa khungwa lotuwa. Juglans hindsii ndi Juglans californica a ku California. Juglans neotropica wa m'mapiri a Andes, Juglans australis wa ku Argentina ndi Bolivia. Juglans mandshurica wopirira chisanu cha ku Manchuria, Juglans ailantifolia wa ku Japan. Ndi mphwanu weniweni, Juglans sigillata wa ku Yunnan ndi Tibet, wa chigoba chokakala, amene mukayandikana mumaberekerana ana. Nonsenu muli ndi ma chromosome 32, ndipo ena mwa malire a pakati panu mphepo imawadumpha.

Mkana-chibale! Apa ndiye pagona ulemu wanu, ndipo ng'oma ichedwepo. Pamtengo umodzi mumabala maluwa aamuna, olendewera ngati mphonje, ndi maluwa aakazi, aang'onoang'ono kunsonga kwa mphukira. Mukanafuna mukanadzikwatira nokha. Koma munagawa nthawi. Mitengo ina imayamba kumwaza mungu, maluwa ake aakazi natseguka pambuyo. Ina imayamba ndi aakazi, mungu nubwera mochedwa. M'nkhalango magulu awiriwa amakhala pafupifupi theka ndi theka, kotero kuti mungu wa uyu umapeza duwa la uyo lili chidikirire. Charles Darwin analemba za khalidweli mu 1877. Mu 2025 Jeffrey Groh ndi anzake a ku University of California, Davis anaonetsa kachigawo ka DNA komwe kamalamula zimenezi, napeza kuti magulu awiriwa akhala m'banja lanu zaka pafupifupi 40 miliyoni. Mwambo woti mwana akakwatire kunja kwa mudzi munausunga mapiri ena asanakule. Choncho mtedza uliwonse womera umatuluka ndi nkhope yakeyake. Uyu wophuka mochedwa, chisanu chitadutsa. Uyu wa chigoba chopyapyala. Uyu wopirira chilala. Uyu wowawa, wosafunika pamsika, koma wosagwa ndi matenda amene agwetsa anzake.

Mbisala-m'zigwa! Madzi oundana atakuta kumpoto kwa dziko, zaka pafupifupi 21,000 zapitazo pamene kuzizira kunafika pachimake, nkhalango zambiri zinatha. Inu munathawira m'makwalala ofunda a m'mapiri: Caucasus, Pamir, Hindu Kush, Himalaya, ndipo DNA ikuonetsa kuti ena anatsalira ku Balkans. Chigwa chilichonse chinasunga kagulu kake, kotalikirana ndi kanzake, ndipo kagulu kalikonse kanatenga chibadwa chakechake. Mapiri omwe anakupulumutsani ndi omwenso anakugawani.

Mlendo wa m'thumba! Mtedza wanu ndi wolemera, mphepo siunyamula. Gologolo akauthawitsa amaukwirira chapafupi, khwangwala amautaya patsidya. Amene anakuolotsani zipululu ndi munthu. Simuola msanga paulendo, mumakhutitsa, mumagulika, ndipo amalonda anakulongedzani pamsana pa ngamila, kutsata Silk Road ndi msewu wa mafumu a Persia. Mu 2015 Paola Pollegioni ndi anzake anayeza magulu 39 a mitengo yanu ku Asia, napeza kuti kufanana kwa DNA yanu kukutsata kufanana kwa zinenero za anthu okhala nanu. Komwe anthu ankamvana polankhula, ankapatsananso mbewu. Aroma anakufalitsani kumadzulo kwa Europe, ndipo mlembi wawo, Pliny Wamkulu, analemba kuti munachokera ku Persia. Koma thumba la wapaulendo limanyamula zochepa. Mukamalowera kumadzulo, kusiyana kwa mitengo yanu kumanka nikuchepa. Nkhokwe yaikulu inatsala ku Asia.

Mwini Arslanbob! Imbani mwamphamvu, tafika ku Kyrgyzstan, m'chigawo cha Jalal-Abad, komwe nkhalango yanu yakuta mapiri. Mwezi wa Seputembala ukafika mabanja amasamuka m'mudzi kukagona m'nkhalango, ana ndi agogo omwe, kutola mtedza mpaka manja kuda bii ndi utomoni wa makoko. Kumeneko amasimba kuti Alexander Wamkulu anatenga mtedza wa m'nkhalangozi kupita nawo ku Greece. Ophunzira nawo ankakhulupirira kuti nkhalangoyi ndi yotsala ya dziko lakalekale, yosakhudzidwa ndi munthu. Koma mu 2008 Ruth Beer ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza pofukula mungu wakale m'matope a m'nyanja ndi m'madambo: nkhalango za walnut za kumeneko sizipyola zaka pafupifupi 2,000, ndipo zikuoneka kuti anazifalitsa ndi anthu. Ena angati ulemu wachepa. Ine ndikuti wakula, chifukwa alipo agogo osadziwika maina amene anakwirira mtedza m'mapiri amenewo, ndipo zidzukulu zawo zikudyabe mpaka lero.

Tsopano ng'oma itsike mawu, nkhani yalemera. M'nkhalango ya Arslanbob mitengo yambiri ndi nkhalamba. Ng'ombe zimadya mbande zikangotuluka, zikwakwa za omweta udzu zimadula zotsala, mtedza umatoledwa wonse osasiyako wa mbewu, ndipo ena amadula mitengo ikuluikulu pofuna zotupa za patsinde zomwe matabwa ake amagulidwa modula. Anthuwo si adani anu, akufuna chakudya ndi fizi ya ana. Koma mfumu yopanda mphwake wolowa m'malo, ufumu wake uli pangozi.

Wokwera zombo! Ansembe a Franciscan anakufikitsani ku California cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo lero pafupifupi walnut yense wogulitsidwa wa ku United States amachokera kumeneko, pamene China ndiyo ikutsogola padziko lonse. Katswiri wa mbewu Luther Burbank anakukwatitsani ndi Juglans hindsii, nabadwa Paradox, tsinde lamphamvu lomwe alimi amamezanitsapo nthambi zanu. Mu 1979 yunivesite ya ku Davis inatulutsa Chandler, wobereka zedi, wa mtedza woyera wokondedwa pamsika, ndipo mu 2016 DNA yake ndiyo inayamba kuwerengedwa yonse. Timuyamike Chandler, wadyetsa ambiri. Komabe Chandler wa ku California, Chandler wa ku Chile ndi Chandler wa ku Turkey ndi mtengo umodzi womwewo, wodulidwa nthambi ndi kumezanitsidwa mamiliyoni. Inu amene banja lanu linakana kudzikwatira zaka 40 miliyoni, munda wonse wasanduka munthu mmodzi. Nthenda yodziwa khomo la mmodzi yadziwa makomo a onse.

Ndipo nthenda zilipo, funsani abale anu. Butternut anagwidwa ndi zilonda za pakhungwa zomwe zinaoneka koyamba ku Wisconsin mu 1967, ndipo lero ku Canada ali pamndandanda wa mitengo yomwe ingathe. Wakuda uja, Juglans nigra, akulimbana ndi thousand cankers, nthenda ya nkhungu yotchedwa Geosmithia morbida, yonyamulidwa ndi kafumbwe kakang'ono koboola nthambi, yomwe inafika ku Tennessee mu 2010. Ofufuza akamasaka mtengo wopirira, amapita kwa omera okha, osiyanasiyana aja, owawa aja, a zigoba zolimba aja, amene msika unawakana.

Choncho nthungululu zipite kwa osunga mbewu. Kwa osamala munda wa Wolfskill ku Winters, California, komwe mitengo yochokera m'maiko ambiri yaima mizeremizere, uliwonse ndi nambala yake. Kwa alimi a ku Iran, Afghanistan, Pakistan ndi Tajikistan amene amabzalabe mtedza m'malire a minda, osati nthambi yomezanitsa. Kwa a ku Yangbi ku Yunnan, osunga sigillata. Kwa aliyense wa ku Arslanbob amene wasiya mtedza pansi dala, namanga mpanda kuti ng'ombe isafike pambande. Ombani m'manja, amayi lululuzani, mbalule akweze!